Njerwa za a Pulezidenti

Linali Loweruka, pa 14 Okutobala 2006, nthawi ili 9 koloko m'mawa, pamene ndinatsika basi ku Woolwich nditanyamula hamala, misomali, tepi ndi levulo. Masiku amenewo ndinkagwira ntchito yokonza zowonongeka kunyumba ina yosungirako okalamba, choncho chilichonse chofuna msomali m'bungwe lathu chinkagwera ine.

Bungwelo linali la Amalawi okhala mbali yathu ya London. Tinkasonkhana pakagwa maliro, pakakhala ukwati ndi pa tsiku la ufulu. Mtsogoleri wake tinkawatchula kuti a Pulezidenti. Tinawasankha kuti atumikire zaka ziwiri, ndipo chimenechi chinali chaka chawo cha khumi ndi chimodzi. Akazi awo tinkawatchula kuti Mayi wa Fuko. Zinayamba ngati nthabwala, kenako dzinalo linakhazikika. Mayiwo anali atamwalira chaka chapitacho. Tsiku limenelo kumudzi ankavumbulutsa chiliza chawo, ndipo ife tinabwereka holo ya tchalitchi kuti tiwakumbukire 2 koloko masana.

Pakhomo la holo ndinapeza mwana wawo wamkazi, namwino wa ku Croydon, atakumbatira katoni. Iyeyu anabwera kuno ali wamng'ono. Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi, chathuchi amasungira mkwiyo. Tsiku limenelo anandipatsa moni m'Chichewa.

"Ankolo, umu muli makalata a amayi ndi zithunzi zawo," anatero. "Lero ndi tsiku la amayi. Adadi akangolisandutsa lawo, ndinyamula katoni yanga, ndipo kubungwe kwanuku simudzandionanso."

Ndinamumvetsa. Pamaliro paja a Pulezidenti analankhula ola lathunthu za mbiri ya bungwe, akazi awo n'kuwatchula kawiri. Kuyambira pamenepo bambo ndi mwana ankangopatsana moni ngati anthu okumana pasiteji ya basi.

Anandisiyira katoniyo n'kupita kukatenga mandasi ndi masamusa kwa azimayi amene ankakazinga. Ndinatsala ndi mayi wina wa ku Chipata, m'Zambia wokwatiwa kwathu, amene ankandanda mipando.

M'katonimo munali makalata ambiri a mapepala abuluu aja otumiza pandege, amene mayi ankalembera amuna awo ali kusukulu kuno, iwo akuphunzitsa kumudzi. Ndinawayala patebulo motsata zaka, ndipo poyala sindinalephere kuwerengako. Munalinso zithunzi ziwiri za m'mafelemu. China chinali cha mayi okha, atavala duku. China chinali cha banja, chojambulidwa kusitudiyo bambo asananyamuke: mayi ataima ndi khanda m'manja, bambo pambali pawo, mutu wawo utapitirira wa mayi pang'ono. Pakona ya holo panali chachitatu, chachikulu kuposa zonse, cha a Pulezidenti atavala suti. Anali atachitumiza okha dzulo lake.

Ndinakwera makwerero n'kuyamba kukhoma. Ndinayeza ndi tepi, ndinawongola ndi levulo, ndipo nditatsika ndinakhutira nayo ntchito yanga.

"Imwe bamalume," anatero mayi wa ku Chipata uja, manja ali m'chiuno. "Nanga nkoloko yalakwa chani?"

Ndinayang'ana khoma. Chithunzi cha a Pulezidenti chinali pamwamba. Cha mayi ndi cha banja zinali m'munsi mwake, uku ndi uku. Wotchi ya tchalitchi, imene ndinaipeza pafupi ndi denga, ndinali nditaitsitsa mpaka pa msinkhu wa phewa langa.

Amene sanakule kwathu nthawi ya chipani chimodzi sangamvetse. Kusekondale kumene ndinaphunzira, kupositi ofesi kumene ndinayamba ntchito, ngakhale m'kagolosale kakang'ono, chithunzi cha mtsogoleri wa dziko chinkakhala pamwamba pa zonse. Wotchi, kalendala, chilichonse chinkakhala pansi pake, ndipo wolakwitsa ankakafotokoza kumalo kosakoma. Zimenezo zinatha kalekale. Mutu wanga unkadziwa, koma manja anga anali asanauzidwe. Anangomva mawu akuti pulezidenti n'kugwira ntchito.

"Muyopa ndani kuno ku London?" anaseka mayi uja. "Apolisi ba kuno sapima mapikicha."

Ndisanagwire makwerero kuti ndikonze, chitseko chinatseguka. Analowa mwana uja ndi beseni la mandasi, ndipo kumbuyo kwake kunali a Pulezidenti, chipewa chili m'manja, mapepala a zolankhula akusuzumira m'thumba la jekete.

A Pulezidenti anaima pakati pa holo n'kukweza maso. Kwa iwo kukweza maso si zachilendo, pakuti ndi munthu wamfupi. Nkhope yawo inawala.

"Achimwene, inu ndiye munaphunzira," anatero. "Mwambo mumaudziwa."

Mwanayo anaika beseni pansi mosamala kwambiri. Sanandiyang'ane. Anapita patebulo, anatsegula katoni n'kuyamba kutola makalata imodziimodzi.

"Ndinakuuzani, ankolo."

"Iwe, ukutani?" anafunsa bambo ake.

"Ndikuwatenga amayi. Khomali lakwanira inu."

Ndinaima pakati pawo ndi hamala m'manja. Kutsitsa chithunzi mwini wake akuona, atangondiyamika kumene, kunali ngati kumuvula munthu wamkulu chipewa pagulu. Kuchisiya kunali kumutaya mwanayo. Makalata anali akutha patebulo. Inatsala imodzi chakumapeto, imene m'mawa uja ndinaiwerenga kawiri. Ndinaitola iye asanaifike.

"A Pulezidenti," ndinatero, "iyi yandivuta. Maso angawa ayamba kukana. Tandiwerengereni, ndidziwe ngati ili yoyenera kuti anthu aione."

Ndinanama. Mayi anali mphunzitsi, ankalemba zooneka ngati zotayipa. Koma a Pulezidenti sakana kuwerenga pagulu, ngakhale gululo likhale la anthu atatu. Anavala magalasi, anakonza pakhosi n'kuyamba ndi mawu awo a pamsonkhano.

"Okondedwa bambo a mwana, chithunzi chathu chija ndakachitenga kwa wojambula ndipo ndachipachika pabalaza. Musade nkhawa, njerwa ziwiri zija sizikuoneka."

Anaima pang'ono. Mwanayo anasiya kutola.

"Pitirizani, a Pulezidenti," anatero mayi wa ku Chipata. "Timvela."

Anapitiriza, mawu atatsikako. "Alendo akachiona akumati sankadziwa kuti ndinu aatali chonchi. Ine ndikungovomera. Achemwali anu okha ndi amene anaseka mpaka kukhala pansi. Phunzirani bwino, muzivala juzi. Mukadzabwera mudzandipeza ndili msinkhu womwe uja, ndiye ngati kumeneko kuli njerwa zabwino mudzatengeko."

Tonse tinatembenukira ku chithunzi cha banja. Wojambula anali atadulira m'mawondo.

"Adadi," anatero mwanayo pang'onopang'ono, "munakwera pa njerwa?"

A Pulezidenti anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi kwa nthawi yaitali.

"Amayi ako ankandisungira ulemu," anatero. "Zinali zitatu."

Mayi wa ku Chipata ndiye anayamba kuseka, atagwira mpando kuti asagwe. Mwanayo anayesa kudziletsa koma zinamukanika. A Pulezidenti nawo anaseka, mapewa akugwedezeka, ndipo kusekako kunafika pena pamene panafunika mpango. Anapinda kalatayo motsata mizere yake yakale n'kuibwezera patebulo.

"Zaka zonsezi mayi uyu ndinkamuyang'ana chokweza maso," anatero. "Achimwene, tsitsani icho."

Ndinakwera n'kutsitsa chithunzi cha suti. Nditafuna kutenga cha mayi kuti ndichipachike pamwambapo, a Pulezidenti anandiletsa.

"Patseni kuno. Ndipachika ndekha."

Anali ndi zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, atavala nsapato zoterera za kutchalitchi. Anaponda sitepe yoyamba, makwerero n'kugwedera. Ndinatambasula dzanja, koma mwana wawo anali atafika kale. Anagwira makwererowo mbali zonse ziwiri.

"Pang'onopang'ono, adadi. Ina. Inanso."

"Ndafika?"

"Simunafike. Ankolo, mulibe njerwa m'chikwama mwanumo?"

Anafika pa sitepe yachinayi. Chithunzicho chinapendekera kumanzere, ndipo levulo inali m'thumba mwanga, koma sindinaitulutse. Atatsika, mwanayo anakhuthula katoni n'kuyalanso makalata. Ya njerwa anaiika pakati, pansi penipeni pa chithunzi cha banja. Cha suti tinachitsamiritsa kukhoma kuseri kwa tebulo la tiyi, ndipo masana onse a Pulezidenti a m'chithunzi ankayang'anira mandasi.

Anthu anabwera ambiri. Patebulo la makalata panali mzere, ndipo aliyense akafika pakati ankasuzumira m'munsi mwa chithunzi ngati kuti njerwazo zitulukira. A Pulezidenti analankhula theka la ola basi. Mbiri ya bungwe inalowamo ndithu, koma mapepala a m'thumba aja sanatuluke, ndipo mwana wawo anakhala pampando wa kutsogolo mpaka pemphero lotsekera. Katoni ananyamula ndi iye, chithunzi cha mayi ananyamula bambo ake, n'kukakwera basi imodzi.

Woyang'anira holo anali atandilola kukhoma misomali pokhapokha ngati khomalo ndilisiya monga ndinalipezera. M'mawa mwake, Lamulungu, ndinalawirira mapemphero asanayambe. Ndinazula misomali, ndinamata mabowo n'kupakapo penti. Kenako ndinakwera makwerero n'kubwezera wotchi pa msomali wake pafupi ndi denga. Inali itatsalira ndi mphindi zinayi, ndiye ndinaikonza.