Dzino la Shaki M'bokosi la Miyala

Ndinali nditangogwira miyezi iwiri, akadandiyesa ntchito, m'shedi yosungiramo miyala pa mgodi wina ku Bindura, ku Zimbabwe. Miyala yake ndi ija amaboola pansi, yaitali ngati nzimbe, n'kuindandalika m'mabokosi. Wopezeka ataika chinthu chachilendo m'bokosi ankachotsedwa ntchito tsiku lomwelo, poti ndi mmene akathyali amanamizira kuti pansi pali golide.

Lachiwiri lina abwana anatsegula bokosi lakale n'kupeza dzino lakuda la nsonga zitatu litapanikizika pakati pa miyala. Anandiponyera m'manja, akuti popeza ndine wasukulu, ndiwauze tisanaweruke ngati latuluka m'mwalamo kapena wina wachita kuikamo.

M'shedimo tinkagwiramo awiri, ine ndi madala ena ochokera ku Mozambique, onyamula mabokosi, amene anatsala miyezi yochepa kuti apume ndi penshoni. Anali mnzawo wa malemu bambo anga. Nditaona mmene nkhope yawo inagwera, ndinadziwiratu kuti dzinolo analiikamo ndi iwo.

Ku kalabu ya mgodi kunali nsagwada za shaki, chinsomba cholusa cha m'nyanja yamchere, zitapachikidwa pakhoma, zimene mzungu wina anabwera nazo kalekale kuchokera ku Beira. Ndinakwera pa kreti ya mowa kuti ndiyerekeze dzinolo ndi mano a pakhomawo, ndikupemphera kuti chinthucho chikhale kachibenthu ka mwala chabe. Koma ayi. Mano a m'mwamba anali otakata chimodzimodzi, m'mbali muli timano ngati ta sowo. Kungoti a pakhomawo anali oyera, limodzi logwedera nditaligwira linali lopepuka, pamene langali linali lolemera, muzu wake utasanduka mwala. Linali la shaki yamakedzana ndithu, ndipo miyala ya ku Bindura inaumbika kusanakhale nsomba ndi imodzi yomwe. Sukulu yanga inali itawapachika madalawo, ndipo tsiku limenelo ndinaida.

Pobwerera ndinawapeza akundidikira pampopi. Anati dzinolo linali la bambo awo, amene analitola kugombe la nyanja yamchere. Ana awo amapemphero ankafuna kulitentha ati ndi chithumwa, ndiye iwo analibisa m'bokosimo, momwe mwana sangafikemo. Ndinawakalipira, munthu wamkulu, mpaka manyazi anandigwira ndekha.

"Kanene zoona, mwanangu," anatero. "Iwe moyo ukuuyamba kumene."

Nditalowa mu ofesi, abwana anandifunsa m'Chishona mawu awiri okha, "Ndiani akariisa?" Ankafuna dzina la woliikamo. Ine ndinayamba kuzungulira, za nsagwada, za muzu, za zaka za miyala, mpaka anagogoda tebulo. Ndiye ndinati dzinolo ndi langa, ndinabwera nalo kuchokera ku koleji, linagwa m'thumba.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanakhulupirire, koma anati munthu wosasamala sangasunge miyala, ndisiye makiyi patebulo. Madalawo anali ataima pakhomo, bokosi lili paphewa, osalitula. Ndinawadutsa nditazolika, chifukwa kunyumba kunali mayi ndi azing'ono anga awiri odalira ine, ndipo ndinkaopa kuti ndikangodzutsa mutu ndibwerera kukasintha mawu.