Juzi Yofiira ya ku Misuku

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pakhoma la maofesi a pa Chitipa boma. Panamatidwa pepala loti akufuna munthu wa Fomu 4 wodziwa njira za ku Misuku ndi chilankhulo chakumeneko. Ine Tusekile, wobadwira komweko, ndinati iyi ndi yanga basi.

Bwana wathu anali a Dokotala Kaonga, mayi wosaseka wamba. Ankafufuza tizidutswa ta pulasitiki m'madzi. Ankati majumbo ndi mabotolo otayidwa satha, amangonyenyeka mpaka osaonekanso ndi maso. Mitsinje imatenga tizidutswato mpaka kunyanja yamchere. Kumeneko tizilombo tosaoneka ta m'madzi timamatirira pa ito, tina timameza, nsomba n'kudya tizilomboto, ife n'kudya nsombazo.

Lamulo linali limodzi: pulasitiki asayandikire madzi athu. Tinkatunga ndi ndowa yachitsulo, kuthira m'mabotolo agalasi, n'kusefa ndi pampu yamanja pa kapepala koyera kozungulira. Kapepalako tinkakatola ndi kapani kachitsulo n'kukakulunga m'pepala la aluminiyamu. Zovala zinali za thonje zokhazokha, poti nsalu zina ndi pulasitiki ndipo zimathothoka ulusi.

Mnzanga pantchitopo anali Chisomo wa ku Zomba, wa digiri yake. Ndowa ndinkasenza ndine, alimi a khofi ndinkayankhula nawo ndine kuti atilole kudutsa m'minda mwawo, koma tikabwerera ku boma wotamandidwa anali Chisomo chifukwa cholemba bwino lipoti. Iye "yewo" yekha, moni wa kumpoto kuno, ankamutchula ngati watafuna tsabola. Ndisanamize, nsanje inandigwira. Inafika posauzana pamene a Dokotala ananena kuti mmodzi wa ife adzapita kugombe la nyanja yamchere ku Tanzania, kukaphunzira makina oona tizidutswa tomwe maikulosikopu yathu inkalephera. Ine nyanja yamchere ndinali ndisanaionepo, ndipo malowo ndinkawafuna ndi mtima wonse.

Mu Juni tinakwera ku Misuku masiku atatu. Kunali chisanu choti mano ankangogundana. Chisomo, mwana wa kotentha, anagula juzi yofiira yaubweyaubweya pa kaunjika n'kuivala mkati mwa jasi lake la thonje. Ankaganiza kuti wabisa, koma mikono ya juziyo inkasuzumira. Tikusefa pamtsinje woyamba ndinaona ulusi wofiira ukuuluka pamwamba pa fanelo yosefera yomwe ndinagwira ine.

Mawu anafika pakamwa, ndinawabweza. Mumtima ndinkati, digiri ikuthandize. Mitsinje isanu ndi umodzi tinasefa choncho, ine ndili duu, ndikumwetulira chamumtima.

Titabwerera, a Dokotala anaika kapepala koyamba pa maikulosikopu. Anaika kachiwiri, kachitatu. Kenako anavula magalasi.

"Ulusi wofiira paliponse. Anavala chofiira ndani?"

"Ndine, a Dokotala," anatero Chisomo. "Kunazizira. Ndaononga ntchito yonse, pepani."

Ine mtima unali kuvina kale. Ndinkadziona ndili m'basi yowoloka malire, chikwama pamiyendo. Ndiye a Dokotala anatembenukira kwa ine.

"Tusekile, fanelo anagwira ndani?"

"Ine."

"Juziyo unaiona?"

Bodza linakana kutuluka, ndinangogwedeza mutu kuvomera.

"Tsiku liti?"

"Loyamba."

"Wolakwitsa ndingamuphunzitse," anatero a Dokotala. "Koma woona madzi akuipitsidwa n'kukhala chete, ndikamutumiza kutali ndidzakhulupirira bwanji zomwe adzabweretse?"

Ku Tanzania kunapita Chisomo. Ine ndinabwerera ku Misuku kukatunganso mitsinje yonse ija, ndowa pamutu, m'njira zoterera zomwe ndinkazinyadira. Amati choipa chitsata mwini, changa chinanditsata mpaka pamwamba pa phiri. Chisomo ankanditumizira zithunzi pafoni, mafunde kumbuyo kwake, ndi moni wabwinobwino wopanda chipongwe, ndipo zimenezo zinkandiwawa kuposa akananditukwana.

Ntchito ya madzi ndikuigwirabe. Nsanje sinandithere, mnzanga akakwezedwa imandigwirabe. Koma ndikaona akulakwitsa ndimayankhula pomwepo, ngakhale akhale munthu yemwe sindimufuna. Nyanja yamchere mpaka lero sindinaione, ndipo amene anandimana si Chisomo.