Miyala pa Denga la Che Amini

Fungo la oyilo wakutha likandidutsa pamphuno, ndimaona agogo anga aamuna, Che Amini, atagwada pabwalo, kofiya itatsetserekera kunkhongo, akupaka mitengo ya denga ndi chisanza kuti chiswe chisadye. Inali nthawi ya Chitaganya. Iwo anali mmisiri wofolera nyumba za azungu kuno ku Lusaka, ku Kabulonga ndi ku Woodlands, koma ntchito itatha kwa bwana wawo, kanyumba kozungulira kamene tinkakhalamo ku Kabwata kanapitanso, poti nyumba zimenezo zinkayendera ntchito. Tinasamukira cha ku Makeni, kumene mzungu wina, mwini famu, ankalola anthu kumanga m'mphepete mwa munda wake. Tinalipo atatu: iwo, agogo aakazi Abiti Juma, ndi ine amene ankandilera.

Nyumbayo anamanga okha, uku akuphunzitsa aliyense wodutsa, wofuna ndi wosafuna yemwe. Dothi la zidina linali la pachulu. Maziko anawakweza kufika m'bondo, chifukwa dera limenelo pansi pake ndi mwala, madzi a mvula salowa, amangoyendayenda kufunafuna khomo la munthu. Chitseko sichinayang'ane kum'mawa kumene kumachokera mphepo ya fumbi. M'munsi mwa denga anasiya timabowo toti kutentha kuzitulukira, ndipo dengalo analitulutsa kunja mkono wathunthu kuti madzi azigwera kutali ndi khoma.

"Mvula sigwetsa khoma kumutu," ankatero. "Imalidya kumapazi."

Koma malata sanawakhome. Anawayala bwinobwino, n'kuwamanga ndi waya m'mphepete, n'kusanjikapo miyala ikuluikulu. Munthu woswera kukhoma misomali pamadenga a eni, pake panalibe msomali ndi umodzi womwe. Ba Tembo, ogulitsa makala amene tinayandikana nawo, sankatopa kuwaseka.

"Shani, ba Amini! Imwe ndimwe ba kapenta bazoona, manje nyumba yanu mwaikapo myala monga ni manda?"

"Lata lobooka ndi la pano," ankayankha agogo osatembenuka n'komwe. "Awa ndi a kwathu."

Malatawo anagula limodzilimodzi, kuti adzafolere nyumba kwawo ku Nyasalande. Kunoko ankangowabwereketsa. Lata lokhomedwapo kale ukakalifolera kwina, mabowo ake sagwirizana ndi mitengo yatsopano, limadontha ngati sefa. Ulendo wobwerera kwawowo unali wa chaka cha mawa, ndipo chaka chilichonse unkakhalabe wa chaka cha mawa.

Agogo aakazi analibe nawo mtima ulendowo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, mayi anga, anagona m'manda a ku Lusaka konkuno. Sankakangana nawo amuna awo. Mphepo ikawomba malata n'kuyamba kugwedera ndi kulira, ankangoti, "Che Amini, malata anu akutsanzika."

Masana ena, mvula yoyamba ili pafupi, kunada mwadzidzidzi, kunja kukununkha fumbi lonyowa. Agogo aamuna anali ku ganyu. Agogo aakazi anathamangira kukanula zovala pachingwe, ine ndili pakhomo. Ndinamva waya akuduka, mwala ukugubuduka, kenako lata limodzi linanyamuka, n'kutembenuka m'mwamba, n'kutsika chopingasa. Linadula mtengo wa papaya pakati ngati mpeni, pomwepo pambali pawo. Iwo anangoima, zovala zili m'manja, akuyang'ana utomoni woyera ukudontha pachitsa. Mvula inalowa m'nyumba, ufa wonse unanyowa.

Che Amini atafika, anayamba ayang'ana lata. Analitembenuza, nawongola ngodya yopindika ndi chidendene, kenako m'pamene anafunsa ngati tonse tili bwino. Zimenezo zinandinyansa, ndipo zimandinyansabe.

M'mawa mwake agogo aakazi anavala nsalu yawo yabwino n'kuyenda wapansi kupita m'tauni. Masana anatengera amuna awo madzi osamba m'manja monga mwa nthawi zonse, n'kuwaikira mbale yovundikira. Atavundukula anapeza misomali ya malata.

"Abiti Juma, mukudziwa kuti ndikakhoma ndiye kuti basi?"

"Ndikudziwa. Inu ngati mukupita kwanu, pitani bwino, mukapereke moni. Ine mwana wanga ali muno. Koma denga mundisiyire."

Che Amini anayang'ananso m'mbalemo. Kenako anakapemphera, atatha anatenga hamala yawo. Ba Tembo anabwera kudzagwira makwerero, ndipo tsiku limenelo sananene za manda. Miyala inayamba kugwa pansi umodziumodzi. Msomali woyamba agogo anauimika n'kuugwira osaumenya, mpaka ba Tembo anayang'ana kumbali. Utalowa umenewo, inayo inangotsatira mofulumira, mwa mmisiri wozolowera, phokoso lake likumveka mpaka kumunda kwa mzungu. Ngakhale apo kuphunzitsa sanasiye.

"Msomali umakhomedwa pamsana pa lata," anafuula ali pamwamba, "osati m'ngalande moyenda madzi. Mwamva, ba Tembo?"

"Namvela, mudala."

Dengalo silinadonthepo. Za chaka cha mawa sanazitchulenso, ndipo ku Nyasalande sanapondekonso. Anamwalira ali m'nyumba yomweyo, naikidwa kuno.

Lero ndimakhala ku Chelstone, m'nyumba imene ndinamangitsa ndekha, ndipo amisiri anga ananditopa ndi malangizo. Kumudzi kwa agogo sindinafikeko, ngakhale njira yake sindiidziwa. Munthu akandifunsa kwathu ndimayankha kuti ndi kuno ku Lusaka, osakayika. Yankho limeneli sindinasankhe ndine. Anandisankhira ndi nkhalamba ziwiri zija masana amenewo, wina ali padenga ndi hamala, wina ali pansi akutsuka mbale.