Chaka Chimene Mwera Unafulumira

Mwana wanga woyamba anabadwa mvula ikutsazika, mpunga wa m'dambo utayamba kuweramitsa ngala. Bambo ake panalibe. Anali atawoloka nyanja kupita ku Makanjira, kumene utaka unagwa kwambiri chaka chimenecho. Boti ndi khoka zinali za amalume awo, koma amalumewo anali atafooka miyendo, ndiye zonse anaziika m'manja mwa amuna anga. Pochoka anandiuza kuti abwera mphepo ya Mwera isanayambe. Ine ndinali wotopa ndi pakati, ndinangoti muyende bwino, n'kuwapatsira ufa m'kathumba.

Kwathu kuno, kumunsi kwa Mtakataka, khanda likabadwa amati ndi lozizira. Silinyamulidwa ndi munthu wamba, silipita pagulu, mpaka bambo ndi mayi ake atalitenga, ndiye kuti atachita mwambo wa m'nyumba wolilowetsa kumphasa. Nthawi yonseyo mayi sathira mchere m'ndiwo, ndipo apabanja amene mumadya nawo limodzi amadika, mwamuna kwake mkazi kwake. Wina akalumpha, amati mwana amatupa masaya ndi mapazi, tsempho limenelo. Kaya a masiku ano akusungabe, sindikudziwa. Ife tinkasunga, ngakhale Lamulungu lililonse tinkapita kutchalitchi ku Mua.

Choncho sindinali ndekha podikira. Achemwali anga aakulu ndi amuna awo nawonso anali m'goli lomwelo, chifukwa nyumba zathu zinali zoyang'anizana ndipo tinkaphika pamoto umodzi. Alamu ankagwira ntchito yokonza njanji ku Golomoti. Anali ndi wailesi ya chikopa chakuda, imene mabatire ake ankawayanika padenga la nkhokwe kuti apezeko mphamvu. Kale ankangoitsegulira mpira ndi nyimbo. Koma chibadwire mwana uja, masana aliwonse amene anali pakhomo ankaiika pampando pansi pa mtengo wa bwemba, n'kumadikira zanyengo zimene ankanena nkhani zikatha.

Ine sukulu ndinalekezera sitandade faifi, ndipo zanyengo sindinkazisamala. Mvula tinkaionera kumapiri a Dedza, basi. Chaka chimenecho ndinaphunzira kumvetsera. Woulutsa uja ankayamba ndi kumtunda, kuti kumapiri kukhala chifunga m'mawa ndipo oyendetsa ndege zing'onozing'ono asamale. Kenako ankatsikira kwa ife. Ankati mvula yatha m'madera ambiri a m'mphepete mwa nyanja, mphepo ikhala yapang'ono, mafunde ochepa, a mabwato angathe kuyenda. Akafika pamenepo ine mtima unkachita ngati ndamwa madzi a mumtsuko watsopano.

"Mlamu, mwamva?" ankatero alamu. "Nyanja yagona ngati mafuta m'botolo. Nanga amuna anuwo akudikira chiyani, utaka uwaperekeze?"

"Inu khalani chete," ankayankha achemwali. "Mukumvera chisoni mwanayu kapena mukudzimvera nokha?"

"Ine? Ine ndikuganizira mwana. Komanso udzudzu wa pakhonde paja wandidziwa dzina."

Tinkaseka tonse, ngakhale amayi ankatembenukira kumbali kuti mkamwini asawaone mano. Ineyo ndinkaseka nawo, koma ndikalowa m'nyumba ndinkamuyang'ana mwana. Anali ndi makutu a bambo ake, otambasuka ngati masamba a mbatata. Ndinkafuna kuti mwini makutuwo awaone akadali ofewa choncho.

Masiku ena m'mawa kunkadutsa kandege koyera, kotsatira gombe kulowera ku Salima. Ndikakamva ndinkatuluka ndi mwana pachifuwa. Ndinkaganiza kuti munthu ali m'menemoyo akuona mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, denga langa kuno ndi misasa ya asodzi kutsidya. Kwa iye mtunda umene unkandisowetsa tulo unali ngati kudumpha ngalande. Achemwali anandipeza tsiku lina ndili chiyang'anire kumwamba.

"Iwe, khosi lithyoka. Ukuyesa atsika m'menemo ndi dengu la utaka?"

Mwezi wa Epulo unapita. Mwana anayamba kumwetulira, kuzindikira mawu anga. Amayi anandikhazika pansi pamene tinkapeta mpunga woyamba.

"Mwana wakula uyu. Sangakhale wozizira mpaka kalekale, ndipo mkulu wakoyu banja lake tikulizunza. Bambo akakhala kutali, anamkungwi amamutenga mwana ndi mankhwala. Anthu amachita, si zachilendo."

"Tidikireko pang'ono, amayi. Anati abwera."

"Anati abwera, inde. Nanga nyanja inati chiyani?"

Zoti mankhwala amagwira ntchito ndinkadziwa. Koma mwana woyamba amatengedwa kamodzi kokha, ndipo ine ndinali nditaziona kale m'mutu mwanga: bambo ake atamulandira m'manja mwawo muja monunkha nsomba ndi palafini, iwo kukhala mwamuna woyamba kumugwira. Amayi anandiyang'ana, n'kupitiriza kupeta. Anandilola.

Mwera unabwera mofulumira chaka chimenecho. Tisanamve pa wailesi tinaumva m'thupi. M'mawa kunayamba kuzizira, milomo kung'aluka, migwalangwa kuchita phokoso ngati anthu akukangana. Mudzi wathu uli patali ndithu ndi madzi, koma tsiku lina ndikuchapa matewera ndinamva mkokomo kuchokera kum'mawa, wosalekeza. Masana ake alamu anatsegula wailesi. Woulutsa anati mphepo yamphamvu ya Mwera yayamba pa nyanja yonse ndipo ipitirira, mafunde akhala aakulu, asodzi ndi onse oyenda pamadzi asatalikire gombe. Za ndege ananenanso, koma sindinazimve. Alamu anatseka wailesi osanena nthabwala iliyonse.

Sabata yomweyo kunabwera mayi wina wa kumsika wa Mtakataka, amene ankapikula nsomba zouma kutsidya. Iye ankazungulira pamtunda, pa malole, kudzera ku Mangochi, ulendo wogona panjira. Anakhala pamphasa, ndinamupatsa madzi, anasuzumira mwana osamukhudza.

"Ndawaona amuna anu. Ali bwino, angoda ndi dzuwa. Za mwana anamva kale, moti anagulira anzawo tiyi msasa wonse. Nsomba zinachedwa kuuma, n'chifukwa chake mphepo yawatsekera. Boti sangalisiye, mukudziwa ndi la eni. Ndiye akuti ndikufunseni. Mwera umapumako m'mamawa masiku ena. Mukati abwere, iwo ndi anzawo awiri ayesa kuwoloka. Mukati adikire, ndiye mpaka mphepo idzagwe, mwina Ogasiti. Ine ndibwerera mkuja."

"Akuti ndinene ine?"

"Akuti mwana ali ndi inu, ndinu mukudziwa mmene zilili kuno."

Amayi anali pomwepo, achemwali anali pomwepo, onse maso ali pa ine. Ndinadziwa kuti ndikangoti abwere, abweradi. Anali munthu wotero. Ndinadziwanso mmene Mwera umachitira: umakunyengerera m'mawa, ukafika pakati pamene suona mtunda uku ndi uku, ndiye umadzuka. Injini ya boti lija inali yakale, yozimazima ngakhale pamadzi odekha.

Mawu oti abwere anali pakamwa penipeni. Ndinawameza.

"Mukawauze asawoloke. Mukawauze kuti mwana ali bwino, akuyamwa, ndipo za kuno tikonza ndi amayi. Asayese ngakhale kutacha bwino bwanji."

Mayi uja atapita ndinauza amayi kuti akaitane anamkungwi.

Anabwera m'mawa kukuzizira, ndi mizu yawo m'kansalu. Anainyika m'phale, anamusambitsa mwana, anam'mwetsa timadontho, n'kumumanga kamkuzi m'chiuno. Mwana analira pang'ono chifukwa cha madzi ozizira. Sizinatenge nthawi. Ndinadabwa kuti chinthu chimene ndinachidikira nthawi yonse ija chatha msanga chotero, ngati kutsuka mbale.

"Mwambo watha, ndi munthu tsopano," anatero anamkungwi. "Aliyense amunyamule."

Alamu anali ataima chapatali ndi chipewa m'manja. Achemwali anamutenga mwana kwa ine n'kukawapatsa. Anamulandira mwaulemu, ngati akulandira dzira, ndipo mwana anagwira batani la malaya awo a kunjanji. Anthu anaseka, wina analuluta. Ine ndinapita kuseri kwa nyumba kukayanika matewera amene anali atauma kale.

Mphepo inawomba mwezi wa Juni wonse ndi Julaye. Zanyengo ndinkamverabe, ngakhale alamu anali atabwerera ku mpira wawo. Ndinkachita kuwapempha kuti anditsegulire. Tsiku lililonse mawu anali omwewo, Mwera, mafunde, chenjerani. Ndinkamva ngati akundiuza kuti sunalakwe, komabe pamphasa panali pozizira.

Bambo ake anafika kumapeto kwa Ogasiti, masana, atasenza mtolo wa utaka wouma, ataonda. Mwana anali atayamba kukhala, ndi mitsamiro kumbuyo. Ndinamunyamula n'kuwapatsa. Anawayang'ana ndevu zija, anakwinya nkhope, kenako analira mokuwa, manja atatambasulira kwa alamu amene anabwera kudzalonjera.

"Ndi bambo ako awa, iwe," ndinatero, manyazi atandigwira.

"Musiye," anatero amuna anga. "Sakundidziwa. Ndine mlendo."

Anandibwezera mwana. Anakhala pansi pakhonde, pafupi ndi mphasa koma osayandikira kwambiri, n'kuika dzanja lawo pansi chogadamitsa pamene mwana angalione. Anakhala choncho osalisuntha, madzi osamba amene ndinawaikira mpaka anazizira.