Nyumba Yoyenda ya a Tepi

Bambo anga ndi kalipentala, koma mumsewu wathu wonse palibe amene amawatchula dzina lawo lenileni. Onse amangoti a Tepi, chifukwa cha tepi yoyezera yachikasu imene imakhala m'chiuno mwawo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Amayeza chilichonse. Akapita kukacheza, amayamba ayeza chitseko asanagogode. Tsiku limene mwamuna wanga anabwera koyamba kudzadziwana ndi makolo anga, bambo anamuyeza mapewa ndi msinkhu kuti aone ngati angakwane pampando umene anali atangoukhoma kumene. Munthu wa Mulungu anatuluka thukuta, ankaganiza kuti akumuyezera bokosi la maliro.

China chimene amadziwika nacho ndi njinga yawo yakuda, yolemera ngati geti. Ndili mwana, tchuthi chilichonse tinkanyamuka ulendo wa masiku anayi kapena asanu. Bambo ankatsogola atamangirira tenti, mapoto ndi ketulo, ine ndili pakaliyala nditakhalira pilo, amayi akubwera m'mbuyo pa njinga yawo akung'ung'udza. Mapotowo ankalira njira yonse, moti agalu ankatidziwa tisanatulukire. Kopita kwenikweni kunalibe. Bambo ankangoloza phiri n'kunena kuti, “Tiyeni tikaone kuti kuseri kwake kuli chiyani.” Nthawi zambiri kuseriko kunkakhala phiri lina.

Amayi anapirira zaka zambirimbiri. Iwo ankagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu, kuyendetsa kagalimoto ka mafoloko konyamulira mabokosi. Atapuma pa ntchito, maondo anayamba kuwavuta, ndipo tsiku lina tikumwa tiyi analengeza kuti, “Ine kupalasa ndasiya. Mukafuna kuti ndikaonenso kuseri kwa phiri, mundinyamule ndi bedi lomwe.”

Wina aliyense akanamva kuti mawuwa ndi kukana. Bambo anamva ngati apatsidwa ntchito.

Pasanathe mwezi anagula chigalimoto chakale cha kampani ina yochapa zovala imene inali itatsekedwa. M'mbali mwake munali malemba akuluakulu ofiira akuti TIMACHAPA NDI KUSITA. Anapaka penti yoyera kawiri, koma penti ikauma malembawo ankatulukanso ngati chipsera. Anachilowetsa m'shedi yawo n'kudzitsekera momwemo miyezi isanu ndi iwiri. Anakhomamo bedi losanduka tebulo, tebulo losanduka benchi, benchi lokhala ndi kabati m'mimba mwake. Anaikamo madirowa makumi awiri ndi atatu, lililonse ndi kaloko kake kachinsinsi kuti lisamatseguke pa mabampu. Denga analidula n'kulikweza kuti amayi azitha kuimirira pophika.

Tsiku lotulutsa galimotoyo, msewu wonse unabwera kudzaonera. Amayi analiza injini, anayamba kuyenda pang'onopang'ono, kenako tinangomva kuti gu! Denga latsopano lija linali lalitali kuposa khomo la shedi ndi zala zinayi.

Bambo anasolola tepi nayeza khomo. Anayezanso kachiwiri. Anayeza kachitatu, ngati kuti khomolo likhoza kuchita manyazi n'kutalika.

“Miyezi isanu ndi iwiri,” anatero amayi ali pawindo, “mwayeza ngakhale malo oika supuni, koma khomo lotulukira osaliyeza?”

“Khomoli lafupika ndi chinyezi,” anayankha bambo.

Amayi ndiwo anapeza nzeru. Anaphwetsa matayala onse anayi, n'kulamula anthu asanu ndi atatu onenepa kwambiri mumsewu wathu kuti alowe m'katimo. Posankha anthuwo panabuka kamkangano, poti palibe amene ankavomera kuti ali m'gulu limenelo. Koma galimoto inatitimira ndithu, ndipo inatuluka ikukhula pang'ono, anthu akuimba nthungululu.

Ulendo woyamba unali wopita ku mathithi ena amene bambo anawaona pa kalendala. Ine ndinali pa tchuthi cha kuntchito, choncho anandipatsa udindo wowerenga mapu. Lolemba m'mawa, tikulongedza, anatulukira azakhali, achemwali awo aakulu a bambo, akuti abwera kudzatitsanzika. Anali ndi masutikesi awiri, ambulera ndi duwa la mumphika.

“Nanga duwali likutsanzikanso?” anafunsa amayi.

“Alamu, ndikalisiya adzalithirira ndani?” anatero azakhali, uku atakhala kale pabenchi.

Tinanyamuka. Amayi anali pachiwongolero, bambo pambali pawo atavala chipewa chatsopano. Sitinapite patali. Titangodutsa malo omwetsera mafuta a kumapeto kwa tauni, ndinaona kuti bambo asiya kuyankhula. Khosi linali litanyowa. Nkhope inasanduka yotuwa ngati phulusa.

“Imani,” anatero motsitsa. “Amayi, imani msanga.”

Anatsika n'kulowera kuseri kwa chitsamba. Phokoso limene linachokera kumeneko linathawitsa mbalame. Apa m'pamene azakhali anaulula chinsinsi chimene banja lawo linasunga zaka zoposa makumi asanu.

“Alamu, simudziwa kodi? Achimwenewa galimoto imawapatsa nseru chibadwire. Ali m'kalasi yachitatu anasanzira aphunzitsi m'thumba la jekete pa ulendo wa sukulu. Kuyambira pamenepo basi ndi njinga.”

Amayi anazimitsa injini. “Ndiye zonse zija ankandiuza zakuti galimoto imabisa kukongola kwa dziko?”

“Imabisa chiyani! Imawatembenuza matumbo.”

Bambo anabwera akudzipukuta pakamwa ndi chipewa chatsopano chija. Sanayang'ane munthu. Anapita kumbuyo, namasula njinga yakuda imene anali ataimangirira kumeneko, akuti yongodzitetezera, n'kuikwera.

“Ine nditsogola kuti ndizikuonerani maenje,” anatero. “Inu muzinditsata.”

Umu ndi mmene tinayendera. Kutsogolo mdala wa imvi pa njinga, kumbuyo nyumba yathunthu ikukwawa pa liwiro la njinga. Amayi sanadandaule konse. Zaka zonse za pa kagalimoto ka mafoloko sanathamangepo kuposa pamenepo, moti anangoika giya yachiwiri n'kuyamba kuimba nyimbo. Pofika masana, kumbuyo kwathu kunali mzere wa magalimoto wosaoneka pothera, onse akuliza mahutala. Azakhali anatsegula windo n'kumawabayibitsa ngati mkwatibwi.

Pa malo ena apolisi anali atatchinga msewu. Wapolisi wina wamtali anaimitsa bambo, nayang'ana thukuta lawo, nayang'ana galimoto yathu, nayang'ananso mzere uja.

“Madala, kodi pali mpikisano wa njinga?”

Bambo anali wefuwefu, mawu osatuluka. Anangogwedeza mutu, ndipo mpaka lero sitidziwa ngati ankavomera kapena ankakana.

“Nanga anzanu ena ali kuti?”

Azakhali anatulutsa mutu pawindo. “Abwana, onse awasiya kumbuyo! Kuyambira m'mawa palibe wawapitirira ndi mmodzi yemwe.”

Wapolisiyo anagunditsa nsapato, nachita sailuti, n'kuimitsa magalimoto onse aja kuti katswiri adutse bwino. Tinayenda mphindi makumi awiri mumsewu wopanda phokoso. Ndikukhulupirira kuti munthu ameneyo anakhala akudikira opalasa enawo mpaka dzuwa kulowa.

Tinagona pa bwalo la sukulu ina, ife atatu m'galimoto, bambo m'tenti yawo yakale, poti ngakhale galimoto itaima ankati akuimva ikugwedezeka. M'mawa kutacha tinadzutsidwa ndi kugogoda. Panja panali mayi wina atasenza mabulangete atatu, kumbuyo kwake bambo wina atanyamula suti.

“Tamva kuti ochapa abwera,” anatero mayiyo akuloza malemba aja.

Amayi akufotokoza kuti ife ndife apaulendo chabe, m'kati munamveka phokoso lakuti khwa, kenako kukuwa. Azakhali, ali chigonere, ankafuna shuga, ndipo anakoka kaloko kolakwika. Bedi linasanduka tebulo iwo ali momwemo. Tinangoona miyendo iwiri yovala masokosi a mizeremizere ikupalasa m'mwamba.

“Musawakoke!” anafuula bambo akuthamanga kuchokera kutenti. “Muthyola mahinjesi!”

“Mahinjesi?” anatero mawu ochokera m'kati mwa tebulo. “Achimwene, ine ndinakuberekani kumsana, lero mukulirira mahinjesi?”

Anawatulutsa bwinobwino, ndipo bambo wa suti uja anathandiza nawo kukoka matiresi. Pochoka anafunsanso mwaulemu ngati sitingamusitireko kolala yokha.

Tsiku lachiwirilo ndi limene tinawataya bambo. Titakwera chitunda chachitali, msewu unayamba kutsetsereka. Njinga yolemera ngati imeneyo ikapeza mtsetse simva za munthu. Bambo anangoti vuu, malaya akupepheruka, n'kuzimiririka pa kona. Amayi anakana kuwonjezera moto. “Ine ndanyamula duwa la eni ake,” anatero.

Kumunsi tinapeza mphambano. Ine ndinayang'ana mapu n'kunena molimba mtima kuti kumanzere. Tinayenda ola lathunthu osaona njinga. Kenako ndinazindikira kuti mapuwo ndinawagwira chadodolido.

“Aimbire foni,” anatero amayi.

Ndinaimba. Foni inalira m'galimoto momwemo, m'kati mwa limodzi la madirowa makumi awiri ndi atatu aja. Tinayesa onse. Tinakoka, tinakankha, tinagogoda, azakhali mpaka anawapempherera. Linatseguka limodzi lokha, ndipo munali mapensulo.

Msewu unali wopapatiza, ngalande uku ndi uku, potembenukira panalibe. Apa m'pamene ndinaona luso la amayi anga. Anavula magalasi, anaika dzanja limodzi pampando wa pambali, anatembenuza khosi, n'kuyamba kuyendetsa chambuyo. Chambuyo amayi amathamanga kuposa chakutsogolo. Anazemba maenje, anadutsa kamlatho, anapitirira ngolo, azakhali atakumbatira duwa lawo maso ali tseke.

Titabwerera pa mphambano tinalowera kumanja, tikufunsa aliyense ngati waona mdala wa njinga yakuda. Mayi wina wogulitsa nthochi anati, “Wa tepi m'chiuno? Ali pa golosale apo, wagwetsa chitseko.”

Tinawapezadi. Chitseko cha golosale chinali chitagonekedwa pa makireti awiri, bambo akuchipala m'mphepete, pensulo ili kukhutu. Mwini golosale anaima pambali manja ali m'chiuno, akuoneka ngati munthu amene sakudziwa kuti zinayamba bwanji.

“Anangopempha madzi akumwa,” anatiuza. “Potuluka chitseko chinalira. Basi ndinangoona achizula.”

Amayi anatsika pang'onopang'ono. “Maola atatu! Ife mitima ili m'mwamba, tikuyang'ana m'ngalande, inu muli pano mukukonza zitseko za eni?”

Bambo anaika pansi chopalira chimene anabwereka kwa kalipentala wa pamenepo. “Ndinakudikirani pa mphambano mpaka miyendo kuchita dzanzi,” anatero mosakweza mawu. “Ndinayamba kuganiza kuti mwina mwatopa nane mwabwerera kunyumba. Ndiye ine kudikira manja ali lende sinditha. Maganizo amandichulukira.”

Amayi anawayandikira. Kenako anawachotsa tizipalo ta matabwa m'tsitsi. “Ndikanafuna kukuthawani ndikanathawa kale maondo ali abwino,” anatero. “Malizani chitsekocho, tikuphikireni mazira.”

Ku mathithi tinafika Lachinayi masana, titadutsa chitunda china chimene bambo anachikwera osatsika, poti ana a sukulu anali atandanda m'mbali mwa msewu akuwaombera m'manja. Mathithiwo sanali ngati a pa kalendala. Inali nyengo yotentha, ndipo madzi ankatsika pathanthwe ngati a pampopi woiwalika kutseka. Azakhali anayang'ana n'kunena kuti kubafa kwawo amatuluka ambiri kuposa pamenepo.

Bambo anaima pansi pa mtengo akadali pa njinga, phazi limodzi pansi, dzanja litagwira nthambi, akuyang'ana kutali mwaulemerero. Tinayala mphasa, tinatulutsa buledi ndi tiyi, iwo ali chiimire pa njinga.

“Bwerani mudzadye,” anatero amayi.

“Ndikuona kaye chilengedwe.”

Patapita mphindi khumi anandikodola. “Mwanawe,” anandinong'oneza, “miyendo yauma. Sindingathe kutsika. Usawauze amayi ako.”

Sindinawauze. Ndinayamba ndatulutsa foni n'kuwajambula, kenako n'kuitana azakhali, amene anauza amayi, anauzanso banja lina limene linkadya chapafupi. Tinawanyamula anthu asanu, miyendo ili chitang'adzire ngati sizasi, n'kuwagoneka pamphasa. Amayi anawasisita ndi mafuta ophikira kwinaku akuseka mpaka misozi.

Chithunzi chimenecho bambo anachikhomera felemu ya mtengo wabwino n'kuchipachika pabalaza. Alendo akachiona amagoma, amati taonani mdala wamphamvu, waima nji ngati msilikali. Bambo amangovomera ndi mutu modzichepetsa, ndipo amayi amadzuka msanga kupita kukhitchini, mapewa akugwedezeka.