Chifuwa cha mkamwini wanga

Mkamwini wanga tinamuika m'manda kalekale, koma ndinamumva akutsokomola mu minibasi ya ku Balaka, dzuwa lili pamutu. Chifuwa chomwe chija, kenako kukuwa kuja: "Tsegula iwe, ndithyola chitsekochi!" Anthu m'galimotomo anafa nacho chiseko. Ine ndinakoka chitenje n'kuphimba nkhope, monga ndinkachitira iye ali moyo.

Mawuwo ankachokera pa foni ya kondakitala. Wolankhula mufonimo anali mdzukulu wanga, mwana wa malemuwo, amene amaseketsa anthu m'tauni. Ati sewero limene anatchuka nalo ndi la bambo woledzera.

Kwathu ku Kalembo mpongozi sayang'anizana ndi mkamwini. Ukamuona panjira umapatukira kutchire. Ndiye bambo ake akamamukwapula mwanayo ndi tcheni cha njinga, mano akumkaka asanaguluke n'komwe, ine ndinkamva ndili kuseri kwa nkhokwe, ndikupeta. Pakamwa sindinatsegule. Amalume ake, oyenera kulankhula, anali ku Joni.

Chaka chatha mdzukulu wangayo anzake anamubweretsa atawonda ngati bango. Ati popanda kachasu mawu a bambo akewo satuluka, ndipo anthu safuna sewero lina. Mayi ake anatisiya, ndiye anzakewo anamutula kwa ine.

Masiku oyamba osamwa ankanjenjemera, phala likutayikira pamalaya. M'mawa wa tsiku lachinayi ndinkasenda chinangwa pakhonde. Chifuwa chija chinamveka kumbuyo kwanga.

"Apongozi, tumani munthu akandigulire botolo."

Silinali sewero. Nkhope inali ya mdzukulu wanga, koma khosi linapendekera kumanzere monga la bambo ake. Miyendo yanga inayamba yokha ulendo wa kuseri kwa nyumba. Ndinagwira mzati zolimba, ndinatembenuka, n'kumuyang'ana m'maso.

"Iyayi, bambo. Mwanayu munamumenya ine ndikumva. Pakhomo pano simumumwetsa."

Khosi lija linawongoka pang'onopang'ono. Kenako kunatuluka kamawu kakang'ono, ngati ka mwana.

"Agogo, munkamva?"

"Ndinkamva."

"Masiku onse aja?"

"Onse."

Analira mpaka chinangwa chija chinada m'beseni. Botolo sanalitchulenso.

Papita miyezi isanu ndi itatu asanalawe kachasu. Am'tauni amamuimbirabe foni, iye amawauza kuti akukonza sewero latsopano, la mbuzi zanga. Amaliyesera kwa amayi kumjigo, ndipo amayiwo amabwerako akupukuta misozi ya chiseko. Madzi amanditungira, nkhuni amandiwazira. Koma zoti anandikhululukira sanandiuze, nanenso sindinamufunse.