Hatchi imene alamu anandikonzera

Chesi anandiphunzitsa ndi alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba. Iwo ali ndi kashopu kokonzera mafoni pa Nathenje, ine ndimaphunzitsa ku pulayimale kuno ku Mitundu. Loweruka ndinkakwera njinga yamoto, kukafika fumbi lili m'makutu, kuti tikasewere pakhonde la shopuyo. Poyamba ankandikwapula osatuluka thukuta, koma m'kupita kwa nthawi ndinayamba kuwapanikiza, moti masiku ena ankanamizira kasitomala kuti athawe pabolodi.

Kenaka tinamva kuti pa Nathenje pomwepo pachitika mpikisano, ndipo wopambana mmodzi yekha ndiye akaimire dera lathu m'tauni. Mwayi umenewo ndinaufuna, sindibisa. Chibadwire ndinali ndisanapambanepo kanthu, ngakhale mjaha wa m'thumba wa ana asukulu.

Alamu anandibwereka laputopu yawo yakale. "Alamu, vuto lanu ndi poyambira," anatero. "Mukatenga zakuda mumangoyenda ngati mukusaka mbuzi yosochera. Umu ndakuikirani pulogalamu, mayendedwe onse ndalowetsa ndekha. Inu muzingobwereza mpaka alowe m'magazi. Koma kabatani aka musakakhudze, kamamaliza batire."

Pulogalamuyo inali mphunzitsi wouma mtima kuposa ine. Iyo inkasuntha zoyera, ine n'kuyankha ndi zakuda. Ndikakhoza pankayaka zobiriwira, ndikalakwa zofiira, basi tiyambirenso. Ndikaweruka ndinkakatchajitsa kwa ometa, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango mpaka batire litathima. Mayi a kunyumba ankandinena kuti ndatenga mitala.

Panali malo amodzi amene maso anga ankakana. Pulogalamu inkafuna kuti hatchi yanga idumphire pakati, n'kusiya mfumu pambalambanda. Ndinayesa njira ina, zofiira. Ndinayesanso ina, zofiira. Ndinadzifunsa kuti kodi iwe wa choko m'manja ungatsutsane ndi kompyuta? Ndinagonja, ndipo dzanja linazolowera kudumphitsa hatchiyo mutu usanaganize.

Tsiku la mpikisano ndinagwetsa onse amene ndinakumana nawo, alamu nawonso chimodzimodzi, choncho omaliza tinali ife awiri. Iwo zoyera, ine zakuda. Anayamba ndendende ngati laputopu ija, ine mtima uli mbee, ndikuwamvera chisoni kuti aiwala zomwe anandipatsa okha. Itafika nthawi, hatchi inadumpha. Alamu sanaganize n'komwe. Anakankha bishopu, mfumu yanga inathawa, ndipo posakhalitsa mfumukazi yanga inali m'manja mwawo. Kumaso sanandiyang'ane, ankangokonza kolala ya shati.

Nditafika kunyumba, ndisanavule nsapato, ndinadina kabatani koletsedwa kaja. Kani ndi pomwe kompyuta imaweruza yokha, osati kungobwereza zimene munthu waiuza. Hatchi ija inaikana poyera, n'kundionetsa njira yabwino, yomwe ija maso anga ankafuna. Ndinafufuza mayendedwe ena onse, anali abwinobwino. Dzenje linali limodzi lokha, lokumbidwa pa njira imene alamu amakonda kudzera akatenga zoyera. Miyezi yonse ija ndinali kuloweza kagwedwe kanga, ndikuwathokoza Loweruka lililonse.

Kugonja sikunandiwawe kwambiri. Chinandiwawa n'choti munthu anakhala pansi, mtima uli m'malo, n'kundiyenda pansi chotero, kenaka n'kundiikira laputopu m'chikwama ndi manja ake.

Atabwerako kutauni, alamu anabwera kudzazonda mlongo wawo. Mayi a kunyumba sankadziwa kanthu, anangoti, "Bambo, achimwene abwera, gwirani tambala uja." Ndinamuthamangitsa kuseri kwa nkhokwe, ndinamupha ndekha, ndipo nthutumba tinapatsa mlendo monga mwa ulemu wake.

Titasamba m'manja ndinawafunsa motsitsa mawu. "Alamu, hatchi ija munaiika dala?"

Anaseka mpaka kugwira bondo langa. "Aaa, alamu, zachilamu zimenezo! Inu mwanditengera mlongo, ine ndisakutengereni ka mfumukazi kamtengo?"

Chilamu ndimachidziwa. Timanyozana, timalandana zipewa, tonse n'kuseka. Koma ichi anaseka okha. Ndinafuna kuwauza zimenezo, koma mlongo wawo anali pakhomo ndi mbale, akumwetulira poona amuna awiri amene amawakonda akucheza bwino. Nanenso ndinangoonetsa mano.

Ponyamuka anati, "Loweruka ndikudikirani, alamu."

Ndinati chabwino. Njinga zamoto za ku Nathenje zimandiitanabe ndikamadutsa pa siteji, ine ndimangopukusa mutu, ndipo mayi a kunyumba amauza anthu kuti bambo chesi inawatopetsa.